Kodi "had" wa past perfect amafunika pati kwenikweni m'Chingerezi?

Wophunzira_Fomu4

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lokhudza nthawi za aneni m'Chingerezi, makamaka nthawi ija imatchedwa past perfect simple, imene imapangidwa ndi liwu lakuti "had". Pakagulu kathu kowerengera limodzi pokonzekera mayeso a MSCE tagawikana pawiri. Ena akuti ngati chinthu chinachitika kalekale, monga chaka chatha kapena zaka khumi zapitazo, tiyenera kulemba kuti "I had gone to Salima last year", ndipo "I went to Salima" tizinena pa zinthu zadzulodzuloli. Ena akukana, akuti chiganizo choyambacho n'cholakwika, koma akulephera kulongosola chifukwa chake. Ndikupempha inu amene mukuidziwa bwino nkhaniyi kuti mutithandize: kodi nthawi imeneyi imafunika pati, nanga ndi pati pamene munthu angaisiye popanda kuwononga tanthauzo?

Kachere

Gulu lachiwirilo ndi limene likulondola. Kutalika kwa nthawi kulibe gawo pankhaniyi, moti ngakhale chinthu cha zaka chikwi zapitazo chimanenedwa ndi past simple, nthawi yakale yopanda "had" monga "I went", ngati chikunenedwa pachokha.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. A Kachere anena zoona, ine ndingowonjezera chifukwa chake. Kapangidwe n'kosavuta: timatenga "had" n'kutsatiza mtundu wachitatu wa mneni, umene mabuku amautchula kuti past participle, monga "gone", "written", "eaten" kapena "finished". "Had" sasintha, kaya mwininkhani ndi "I", "she" kapena "they". Pokana timati "had not" kapena "hadn't", ndipo pofunsa timayamba ndi "had" yemweyo, monga "Had the bus left?"

Pamene pagona vuto ndi pa ntchito yake. Nthawi imeneyi siima yokha. Imafuna kuti m'nkhanimo mukhale kale nthawi ina yakale imene wolankhula waimapo, ndipo "had" amasonyeza chimene chinachitika nthawi imeneyo isanakwane. Taonani ziganizo ziwiri izi. "When we reached the depot, the bus left": tinafika, kenako basi inanyamuka, mwinanso ife tili momwemo. "When we reached the depot, the bus had left": tinafika basi itapita kale, ndipo tinatsala. Mawu ena onse ndi amodzimodzi, koma liwu limodzi latembenuza ndondomeko ya zochitikazo.

Kuti muone kuti kale kapena posachedwa si nkhani, tengani mbiri ya dziko lathu. Timalemba kuti "David Livingstone reached Lake Malawi in 1859", popanda "had", ngakhale papita zaka zoposa 160. Koma timalemba kuti "When Dr Banda returned to Nyasaland in July 1958, he had lived abroad for more than forty years", chifukwa taima pa chaka cha 1958 n'kumanena zimene zinali m'mbuyo mwa chakacho. Komanso chinthu cha mphindi ziwiri zokha zapitazo chikhoza kufuna "had", monga "When I picked up the phone, it had stopped ringing."

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi, chifukwa tili nako kanenedwe kogwira ntchito yomweyi, kaja kakuti "inali itanyamuka", "anali atadya", "tinali titagona". Mukauza munthu kuti "Ndinali nditapita ku Salima chaka chatha" n'kukhala chete, iye adikira kuti mupitirize, pakuti wamva kuti nkhani yeniyeni ikubwera. Chiganizo cha anzanu chija chili ndi vuto lomwelo. Chimakhala bwino pokhapokha chitatsamira pa chinthu china, monga "I had gone to Salima when the letter came."

WaKuLimbe

Bambo mphunzitsi, ndakumvani ndipo luso lanu ndikulilemekeza, koma ndili ndi chikayiko. M'maofesi athu anthu ophunzira bwino amanena tsiku ndi tsiku kuti "I had called you yesterday" kapena "We had sent the invoice last week", ndipo palibe amasokonezeka. M'manyuzipepala namo "had" ndi wosawerengeka. Chiyankhulo ndi cha amene akuchilankhula, ndiye ngati anthu ambiri azolowera kanenedwe kena ndipo akumvana, tingati bwanji n'kolakwika? Kodi si kuti Chingerezi cha kuno chapanga njira yakeyake, monga momwe cha ku India kapena ku Nigeria chilili ndi zakezake?

Mtolankhani_Mzuzu

A WaKuLimbe, za manyuzipepala ndiyankhe ine, popeza ndi ntchito imene ndimagwira. "Had" wochuluka amene mumamuona m'nkhani zathu kawirikawiri amakhala pamalo ake, chifukwa ntchito yaikulu ya mtolankhani ndi kunena zimene wina wanena. Tiyerekeze kuti mfumu yanena kuti "The river has washed away the bridge." Ine polemba ndidzati "The chief said that the river had washed away the bridge." Liwu lakuti "said" latiimika pa nthawi yakale, ndipo mlatho unakokoloka mfumu isanalankhule, choncho lamulo limene a mphunzitsi atipatsa latsatidwa ndendende. Tikamasintha zoyankhula mwini kukhala zoyankhula wina, "has washed" ndi "washed" onse awiri amasanduka "had washed", ndipo ngati mwiniwake ananena kale kuti "had washed", amakhala momwemo, chifukwa Chingerezi chilibe nthawi ina yobwerera m'mbuyo kuposa pamenepo.

Koma "I had called you yesterday" ndi nkhani ina. Mkonzi wosamala akapeza chiganizo chotero amachotsa "had". Maganizo anga ndi akuti anthu amamuikapo pofuna kuti mawu amveke aulemu ndi olemera, osati chifukwa chakuti pali nthawi ziwiri zimene akuzisiyanitsa.

Namwino_ku_Leeds

Achimwene a ku Limbe, ndiloleni ndikusonyezeni pamene kusamvana kumabwera. Ndimagwira ntchito yaunamwino kuno ku Britain, ndipo chilichonse chogwera wodwala chimalembedwa m'lipoti limene madokotala, achibale, ngakhalenso akhoti akhoza kudzawerenga. Namwino akalemba kuti "When I entered the room, the patient fell", wowerenga amamva kuti wodwalayo anagwa namwino ali pomwepo akuona, ndipo funso lotsatira limakhala lakuti iye anachitapo chiyani. Akalemba kuti "When I entered the room, the patient had fallen", ndiye kuti anamupeza ali pansi kale, sanaone mmene anagwera, ndipo munthu amene wagwa popanda womuona amayenera kuyang'aniridwa mwapadera poopa kuti mwina anamenyetsa mutu. Chisamaliro chimene wodwala alandire chikusintha chifukwa cha liwu limodzi.

N'chimodzimodzi ndi mankhwala. "When the doctor came, she took the tablets" ndi "When the doctor came, she had taken the tablets" ndi nkhani ziwiri zosiyana kwa dokotala amene akufuna kudziwa ngati zimene anaona pa wodwalayo zinali zotsatira za mankhwalawo. Munthu amene wazolowera kuika "had" paliponse pamene nkhani ndi yakale, tsiku lina adzalemba kuti wodwala anali atamwa kale, pamene iye akutanthauza kuti anamwa pambuyo pake.

WaKuLimbe

Achemwali, chitsanzo chanucho n'champhamvu, ndipo pa zolembalemba ndavomera. Koma pa kucheza kwa pakamwa sindinasinthe maganizo, chifukwa "I had called you yesterday" sichisocheretsa aliyense.

Kachere

Mwina sichisocheretsa, koma wofunsayu akukonzekera kulemba mayeso, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siipezeka.

Womasulira_Milandu

Ine ndikuona kuti pakamwa ndi pamene pali ngozi yaikulu kuposa papepala. Pa ntchito yomasulira m'khoti, mboni ikanena kuti "When the police arrived, he ran away", ndiye kuti apolisi anamuona woganiziridwayo ndi maso awo akuthawa. Ikanena kuti "When the police arrived, he had run away", ndiye kuti apolisi sanamupeze, ndipo umboni wakuti analidi pamalopo uyenera kuchokera kwa munthu wina. Womasulira akalephera kugwira kusiyanaku, woweruza amalemba nkhani imene mboni sinanene.

Chimene chimavutitsa n'chakuti eni chiyankhulochi polankhula mwachangu samutchula "had" yense. Amangoti "he'd left", "they'd eaten", ndipo kamvekero ka "d" kamakhala kakang'ono zedi, moti khutu losazolowera limamva ngati "he left". Kuwonjezera apo, chidule chomwecho chimaimiranso "would". Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana mneni wotsatira: "he'd leave" ndi "he would leave", pamene "he'd left" ndi "he had left". Komabe pali aneni ena, monga "come", "run", "put" ndi "cut", amene mtundu wawo woyamba ndi wachitatu ndi ofanana, choncho "he'd come" akhoza kutanthauza kuti anali atabwera kapena kuti ankabwera, ndipo chokhacho chimene chingakuuzeni ndi nkhani yonse imene mawuwo alimo. Pamalo otero womasulira wanzeru amapempha chilolezo kwa woweruza kuti mboni ibwereze mawu ake.

Wophunzira_Fomu4

Zikomo kwambiri makolo anga, zayamba kumveka. Koma pali china chimene chikundisokoneza. M'buku lina ndapeza "After she had cooked, she washed the pots", ndipo m'buku lina "After she cooked, she washed the pots." Zonse ziwiri zikunena zinthu ziwiri zakale, china patsogolo china pambuyo. Kodi limodzi mwa mabukuwa lalakwitsa?

Mphunzitsi_Wopuma

Palibe lalakwitsa. Mawu monga "after", "before" ndi "as soon as" amanena okha chimene chinayamba, choncho "had" sakhala wokakamiza; akaikidwa amangotsindika kuti ntchito yoyambayo inatheratu yachiwiri isanayambe. Liwu limene limafuna kusamala ndi "when", chifukwa pa lokha silinena chimene chinatsogola, monga taonera pa chitsanzo cha basi ndi cha wodwala uja. Palinso "by the time" ndi "by" wotsatiridwa ndi chaka kapena ola, amene m'nkhani zakale kawirikawiri amakoka past perfect, chifukwa ntchito yawo ndi kuika malire a nthawi n'kunena zimene zinali zitachitika pofika pamalirewo. Mwachitsanzo, "By the time the capital moved to Lilongwe in 1975, Zomba had been the seat of government for more than eighty years." Mawu enanso amene amayenda ndi nthawi imeneyi ndi "already", "just" ndi "never", ndipo malo awo ndi pakati pa "had" ndi mneni: "The shop had just closed", "She had never seen the lake before that trip."

Mayi_wa_CDSS

Bambo, apa ndisiyana nanu pang'ono. Ine ndikuphunzitsabe, ndipo ana anga ndimawauza kuti akaona "after" m'chiganizo cha zinthu ziwiri zakale aziika "had" nthawi zonse. M'kalasi la ana ambiri, mabuku ali ochepa, lamulo limodzi lolunjika limawathandiza kuposa kuwauza kuti zonse ziwiri n'zotheka. Ndimawapatsa chiganizo chimodzi choti aloweze: chimene chinayamba kuchitika chimatenga "had", chimene chinatsatira chimatenga past simple. Ndi lamulo limeneli mwana salakwitsa funso lodzaza mpata.

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi, mavuto a m'kalasi ndikuwadziwa, ndipo sindikutsutsa kuti kuika "had" pambuyo pa "after" n'kotetezeka pa funso lodzaza mpata. Pempho langa ndi lakuti ana asauzidwe kuti njira inayo ndi yolakwika, chifukwa adzaipeza m'mabuku abwino n'kuyamba kukayikira mabukuwo kapena mphunzitsi wawo.

Koma lamulo lakuti choyamba kuchitika chimatenga "had" lili ndi mbali ziwiri zimene limagwa. Yoyamba ndi nkhani yongoyenda motsatana: "He opened the door, greeted us and sat down." Kutsekula chitseko ndiko kunayamba, koma palibe amalemba "had opened", chifukwa tikunena zinthu monga momwe zinatsatirana. "Had" amabwera pamene tadumpha ndondomeko n'kubwerera m'mbuyo. Mbali yachiwiri ndi yochititsa chidwi kwambiri: "He left the meeting before the chairman had finished speaking." Apa chimene chinayamba ndi kutuluka, koma "had" ali pa kumaliza kulankhula, kumene kunabwera pambuyo, kapena mwina sikunachitike n'komwe. Chiganizochi n'cholondola ndithu, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti anatuluka wapampando asanamalize. Mwana amene waloweza lamulo lija akachiona adzafuna kuchikonza, n'kuchiwononga.

Mayi_wa_CDSS

Chitsanzo cha "before" chimenecho ndichitenga, ndikachipereke kwa a Fomu 4. Kwa a Fomu 1 ndipitirizabe ndi lamulo langa lalifupi mpaka atakhazikika.

Mnyamata_wa_Joni

Akuluakulu, ndipatuke pang'ono. Kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito ndi anthu a mitundu yambiri, ndipo ndimamva ena akuti "I had went", "she had wrote", "we had ate". M'mafilimu a ku America ndimamvanso "had gotten", pamene kusukulu tinaphunzira "had got". Kodi zonsezi n'zololedwa, kapena pali zina zoyenera kuzipewa?

Kachere

Achimwene, izi ndi nkhani ziwiri. "Had went", "had wrote" ndi "had ate" zimamveka m'kalankhulidwe ka madera ena, ngakhale pakati pa eni chiyankhulo, koma m'Chingerezi cholembedwa cha kusukulu ndi cha kuntchito n'zolakwika. Zolondola ndi "had gone", "had written" ndi "had eaten". Gwero la vutoli ndi lakuti aneni ambiri, aja othera ndi "-ed", ali ndi mtundu wachiwiri ndi wachitatu wofanana, monga "walked" ndi "had walked", choncho munthu amaganiza kuti onse ali choncho. Aneni osatsata lamulo alibe njira yachidule, amafuna kuwaloweza atatuatatu: "begin, began, begun", "drink, drank, drunk", "choose, chose, chosen", "take, took, taken". Koma "gotten" si cholakwika. Ndi mtundu wachitatu wa "get" m'Chingerezi cha ku America, pamene cha ku Britain, chimene sukulu zathu zimatsatira, chimati "got".

Namwino_ku_Leeds

Ndiwonjezere "had had", amene ambiri akamuona amayesa kuti wolemba wabwereza liwu mwangozi n'kufufuta limodzi. "The child had had malaria before the family moved to town" n'cholondola: "had" woyamba ndi mneni wothandiza wopanga nthawi, wachiwiri ndi mtundu wachitatu wa "have". Pofotokoza mbiri ya matenda a munthu timamulemba kawirikawiri.

Mlimi_Wowerenga

Tibwerere pa funso lenileni, chifukwa ine ndatsalira pa mfundo imodzi. Mwanena kuti "had" amasonyeza chimene chinachitika china chisanachitike. Nanga mu "If I had known, I would have come", chinachitika n'chiyani? Munthuyu sanadziwe ndipo sanabwere, ndiye palibe chimene chinachitika.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwaona bwino, bambo. Imeneyo ndi ntchito yachiwiri ya nthawi imeneyi, ndipo ndi yosiyana ndi yoyamba ija: kunena za kale limene silinachitike. Chingerezi chikafuna kunena chinthu chongoyerekeza chimabwerera m'mbuyo ndi sitepe imodzi. Pa zinthu za lero chimati "If I knew", ngakhale tikunena za panopa, ndipo pa zinthu zakale chimati "If I had known". Kamangidwe kake ndi kakuti nthambi ya "if" imatenga "had" ndi mtundu wachitatu wa mneni, pamene nthambi inayo imatenga "would have", "could have" kapena "might have".

Apa Chichewa chikhoza kutikola, ndipo ndaona ana ambiri akugwa pomwepa. Ife timati "Ndikanadziwa, ndikanabwera", mbali zonse ziwiri zili ndi "-kana-". Choncho mwana amalemba kuti "If I would have known, I would have come", kufananitsa mbali ziwirizo monga amachitira m'chiyankhulo chake. Kanenedwe kameneka kamamveka pakamwa pa anthu ena a ku America, koma m'zolemba za mayeso ndi za kuntchito sikalandiridwa. M'kalata yaulemu mukhozanso kuchotsa "if" n'kuyamba ndi "had": "Had I known, I would have come." Ntchito yomweyi ndi imene tikuiona pambuyo pa "wish" ndi "if only" podandaula za kale: "I wish I had planted earlier", kutanthauza kuti sindinabzale msanga ndipo ndikudandaula.

Palinso kagulu ka aneni monga "hope", "intend", "plan" ndi "want", amene akatenga "had" amasonyeza kuti cholingacho sichinakwaniritsidwe. "I had hoped to see you yesterday" akutanthauza kuti ndinkayembekezera kukuonani koma sizinatheke.

WaKuLimbe

Bambo mphunzitsi, chiganizo chomalizacho chikufanana kwambiri ndi chija cha m'maofesi. Chili ndi "yesterday", chili chokha, ndipo inu mwati n'cholondola. Nanga "I had called you yesterday" chikulakwa pati?

Mtolankhani_Mzuzu

Kusiyana kwake kuli pa mneni. Chiyembekezo chinalipo, kenako panabwera china chimene chinachithetsa, ndipo "had" akuloza chinthu chachiwiricho ngakhale sichinatchulidwe. Kuimba foni kunangochitika n'kutha, palibe chachiwiri chimene chikulozedwa. Mukanena kuti "I had meant to call you yesterday", pamenepo ndiye mwalondola, ndipo womva adziwa kuti foniyo simunaimbe.

Mayi_wa_CDSS

Popeza tili ndi wolemba nkhani pano, ndifunse za chimangirizo. Ana akangophunzira nthawi imeneyi amaikonda mopitirira muyeso, moti pochonga ndimapeza ndime yathunthu yakuti "I had woken up, I had bathed, I had eaten porridge, I had gone to school." Pamenepo ndimadziwa chochita. Koma mwana akabwerera m'mbuyo moyenera pakati pa nkhani, kuti afotokoze zimene zinachitika sabata yapitayo, kodi mneni aliyense m'ndimeyo ayenera kutenga "had" mpaka atabwereranso?

Mtolankhani_Mzuzu

Ayi, mayi. Olemba aluso amaika "had" pa mneni woyamba kapena awiri oyambirira kuti wowerenga adziwe kuti tabwerera m'mbuyo, kenako amapitiriza ndi past simple, chifukwa nthawi yatsopanoyo yakhazikika kale. Taonani ndime iyi: "Grandmother refused to board the boat. She had crossed that river once, as a girl. The water was high that day, and the canoe turned over near the bank." Chiganizo chachiwiri ndi chimene chatitengera ku utsikana wa agogo, ndipo chachitatu sichikufunanso "had", pakuti mawu akuti "that day" akutisunga komweko. Pobwerera ku nkhani yaikulu, wolemba amayamba ndime yatsopano kapena kuika liwu losonyeza nthawi, monga "now" kapena "that morning". "Had" ali ngati mchere m'ndiwo: ukasowa zimadziwika, ukachuluka ndiwo sizidyeka.

Kwa mwana wa sukulu ndinganene kuti, ngati kubwerera m'mbuyoko ndi kwa ziganizo ziwiri kapena zitatu, aike "had" pa zonse, palibe angamudzudzule. Ngati ndi ndime yaitali, ayambe ndi "had" n'kumusiya.

Mlimi_Wowerenga

Nanga "had worked" ndi "had been working" zimasiyana bwanji? Kwa ine zikumveka ngati chinthu chimodzi.

Kachere

Bambo, nthawi zina zimayandikanadi, makamaka ndi aneni monga "work" ndi "live", koma pa aneni ambiri zimasiyana. Past perfect simple imanena za ntchito yotha kapena kuchuluka kwa zimene zinatheka: "By noon he had weeded two acres." Inayo, ya "had been" ndi "-ing", imanena za kutalika kwa ntchito, imene mwina inali isanathe: "By noon he had been weeding for five hours." Choncho mukatchula chiwerengero cha zinthu zimene zinamalizidwa, monga makalata atatu kapena maekala awiri, gwiritsani ntchito simple. Komanso aneni osonyeza mkhalidwe osati ntchito, monga "know", "own", "believe" ndi "belong", kawirikawiri satenga "-ing", choncho timati "She had known him for ten years when they married", osati "had been knowing".

Wophunzira_Fomu4

Pakagulu kathu tapanga ziganizo zitatu poyesa zimene mwatiphunzitsa, ndipo tikupempha kuti mutichongere. Choyamba: "By the time Malawi became a republic in 1966, it had been independent for two years." Chachiwiri: "John Chilembwe had returned from America in 1900." Chachitatu: "No sooner had the rain stopped when the children ran outside."

Womasulira_Milandu

Choyamba chili bwino kotheratu, pa galamala ndi pa mbiri yomwe, pakuti ufulu unabwera pa 6 July 1964 ndipo dziko linakhala lipabuliki pa 6 July 1966.

Mphunzitsi_Wopuma

Chachiwiri chikudalira malo amene mwachiika. Chikakhala chokha, monga yankho la funso lakuti Chilembwe anabwerera liti, lembani kuti "John Chilembwe returned from America in 1900." Koma chikakhala mkati mwa ndime yofotokoza za kuukira kwa mu January 1915, pamene mwabwerera m'mbuyo kuti muuze wowerenga kuti munthuyu anachokera kuti, "had returned" ndi wolondola, ndipo mukhoza kupitiriza kuti "and had founded the Providence Industrial Mission in Chiradzulu". Chaka chotchulidwa sichiletsa past perfect monga chimaletsera present perfect, nthawi ija ya "has" kapena "have" monga "has returned". Chofunika n'chakuti nthawi ina imene mwaimapo ikhale yodziwika.

Pa chachitatu, mwachita bwino kuika "had" patsogolo pa mwininkhani, chifukwa chiganizo chikayamba ndi "no sooner" mneni wothandiza amatsogola ngati pofunsa funso. Chimene chalakwika ndi mlumikizi. "Sooner" ndi liwu loyerekeza, monga "bigger" kapena "faster", choncho limayenda ndi "than": "No sooner had the rain stopped than the children ran outside." Ngati mukufuna kusunga "when", sinthani poyambira, mulembe kuti "Hardly had the rain stopped when the children ran outside", ndipo "scarcely" akhozanso kulowa m'malo mwa "hardly".